Khutu la Ewald mu Filimu Yakale

Hamburg,
Novembala 1947

Okondedwa achemwali anga a Waltraud,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana mukudzuka bwino. Nanga chifuwa cha amayi chikuti bwanji ndi kuzizira kwayambaku? Ine ndilipo, kungoti malasha akusowa, ndipo mbatatesi timachita kulimbirana pamzere.

Ntchito ndikugwirabe kopanga kanema kuja, yodula ndi kulumikiza filimu. Masiku ano akujambulira m'mabwinja momwemu, pakuti mzinda wonse ndi bwinja.

Koma chandilembetsa kalatayi ndi china. Bwana wathu, a Dettmer, anabwera ndi filimu yakale yojambulidwa kunkhondo, kum'mawa kuja, nati tisankhemo zidutswa zoika mu kanema watsopano. Ndikuyang'ana, ndinaona asilikali akukweza amayi ndi ana m'galimoto, onse atasokeredwa pamalaya nyenyezi yosonyeza kuti ndi Ayuda. Msilikali wina anakankha gogo ndi mfuti, kenako anatembenuka n'kuseka. Achemwali, khutu lake lamanzere linali long'ambika, ndendende mmene galu wa kuchigayo anamulumira Ewald, mlongo wathu amene sanabwerere kunkhondo uja.

Ndinabwereza kuonera chidutswa chimenechi kangapo mpaka mnzanga Lotte anandiseka. "Iwe, wapezamo mwamuna kapena? Usavutike, amenewotu onse anatsala komweko!" Ndinathawira panja.

A Dettmer ataona chidutswacho anati tichitaye. Anati anthu atopa, akalipira pakhomo amafuna kuona Mjeremani akuvutika n'kudzukanso, osati akuzunza anzake. Ndinadula monga anandiuzira. Mtima wanga unapepuka, ndipo kupepukako n'kumene kukundiwawa mpaka lero. Kanemayo watuluka. Anthu akulira nawo, akuti wanena zoona zokhazokha. Gogo uja mulibemo.

Mukukumbukira Ewald atabwera kutchuthi komaliza, osafuna kudya, kumangowaza nkhuni tsiku lonse? Atayamba kunena zimene anaona, bambo anamuletsa, amvekere zankhondo sizikambidwa patebulo. Ife tinangomuunjikira buledi ndi soseji. Tikanamulondola kunkhuni kuja n'kumufunsa, mwina akanatiuza. Pano wagona kumene sitikudziwa, ndipo woti n'kumufunsa palibe.

Chidutswacho sindinataye, ndachisunga m'kachitini. Paja mlandu suwola. Pempho langa ndi limodzi: bwerani Khirisimasi isanafike, mudzachione ndi maso anu. Amayi musawauze kaye, asiyeni azipukutabe chithunzi chake pakhoma. Mukadzati si iye, ndidzayesetsa kukukhulupirirani. Mukadzati ndi iye, tidzakhala awiri odziwa, pakuti ndekha chandilemera.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga a Gerhard, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mng'ono wanu,
Irmgard