Ndinaonetsa filimu yomwe onse amaiseka

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili wokondwa, ndipo mwina mudabwa kuti munthu wokondwa akufunanso chiyani kwa inu. Werengani kaye mpaka kumapeto. Mayina onse ndawasintha.

Ndine mtsikana wa zaka 29, ndimakhala ku Wusakile ndi makolo anga, ndipo ndimalandira alendo pa ofesi ina ya maloya m'tauni ya Kitwe. Makolo anachokera ku Katete kalekale, ine ndinabadwira kuno kumigodi. Ndili pa chitomero ndi ba Horace, mphunzitsi wa pa koleji ina ku Ndola. Ukwati wathu uli mu Okutobala.

Ba Horace amakonda mafilimu kwambiri. Ali m'gulu la anthu pafupifupi makumi awiri amene amakumana Loweruka lililonse masana m'chipinda china ku Ndola, kuonera filimu kenako n'kukambirana. Amatsogolera gululi ndi ba Lillian, mayi amene amalemba za mafilimu m'nyuzipepala ina, ndipo akanena kuti iyi ndi yabwino palibe amene amatsutsa. Nditayamba kupita nawo chaka chatha, ndinapeza kuti amaonera mafilimu akunja olandira mphoto, aja oti munthu amayang'ana pawindo mphindi zisanu osalankhula, mawu ake n'kumalembedwa m'munsi. Ena anali abwino ndithu, koma ambiri ndinkangolimbana ndi tulo. Pokambirana ndinkagwedeza mutu, ndipo akandifunsa ndinkati kuwala kwake kwandigwira mtima, chifukwa ndinamva wina akunena choncho tsiku loyamba. Ndinachita zimenezi chaka chathunthu.

Filimu yomwe ine ndimaikonda ndi ya kwathu konkuno. Anaijambula ku Wusakile ndi ku Mindolo zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndi bambo wina, ba Boyd, ndi kamera imodzi yobwereka. Zilema zake ndimazidziwa kuposa aliyense. Pena maikolofoni imaonekera pamwamba, pena galu wa pafupi amauwa mpaka mawu a anthu osamveka, ndipo pali malo amene mwamuna amayamba kulankhula atavala shati yofiira n'kumaliza mawu ake atavala ya buluu. Kachidutswa kameneko kanazungulira pa Fesibuku, Kopala yonse inaseka, kuchokera ku Ndola mpaka ku Chililabombwe. Ba Lillian analemba nthawi imeneyo kuti filimuyo ndi chitsanzo cha zonse zimene wojambula sayenera kuchita. Ndiye ophunzira amainyoza, anthu wamba amaiseka, koma ine ndaionera maulendo oposa khumi.

Imanena za bambo wogwira ntchito pansi pa mgodi amene makutu ake akutseka pang'onopang'ono chifukwa cha phokoso la makina obowola miyala, koma akubisa poopa kuchotsedwa ntchito. Mkazi wake akuganiza kuti mwamunayo wayamba kumunyoza, kapena wapeza wina. Aphungu, imeneyo inali nyumba yathu kwa zaka zitatu. Ndinali m'giredi naini pamene amayi analongedza katundu kuti abwerere ku Katete, ati atopa kulankhula ndi khoma. Anakawabweza pa siteshoni ya basi ndi mnzawo wa atate wa pa shifiti, amene anawauza zoona. Atate anga, ba Festus, lero amamva pang'ono chabe ndi khutu lamanzere.

M'gulu lija aliyense amakhala ndi tsiku lake losankha filimu. Langa litayandikira mu Meyi, ba Horace anandipatsa fulashi yokhala ndi mafilimu atatu oti ndisankhepo. Nditawauza kuti ndili nayo kale yanga n'kuitchula, anaseka poyesa nthabwala. Ataona kuti ine sindikuseka anati, "Iwe, kumeneko kuli anzanga a kuntchito. Usandichititse manyazi." Mawuwo anandikhala pamtima sabata yonse, ndipo ndi amene anandilimbitsa kuti ndisabwerere m'mbuyo.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Ndola pamodzi ndi atate. Ndinangowauza kuti tikukaonera filimu ndi anzake a mkamwini wawo, iwo n'kuvala jekete yawo ya kutchalitchi. Tinayamba fotini awazi, ndiye kuti 2 koloko masana. Maikolofoni itaonekera anthu anaseka, shati itasintha ena anawomba m'manja, ba Horace n'kumira mumpando. Kenako panafika malo amene mkazi akutsuka mbale kumbuyo kwa mwamuna wake, akumuuza kuti ali ndi pakati, mwamunayo akungosoka nsapato yake ya kumgodi osatembenuka. Mkaziyo amanena kawiri, kenako amatuluka panja. Kuyambira pamenepo mpaka kumapeto palibe anasekanso, ngakhale galu uja anauwanso kawiri.

Itatha, ba Lillian anandifunsa mwaulemu chifukwa chimene ndinasankhira filimu imeneyi. Ndinaimirira. Ndinayamba ndi kutchula ndekha zolakwika zake, zisanu ndi ziwiri, kuphatikizapo ziwiri zimene iwo sanazione. Kenako ndinanena kuti mafilimu amene takhala tikuonera andisonyeza mmene anthu akutali amavutikira, ndipo ndikuthokoza, koma iyi yokha ndi imene inandiuza chimene chinkachitika m'khitchini ya amayi anga. Ndinaululanso kuti za kuwala zija ndinkangonena.

Ndisanakhale pansi atate anaimirira. Mukudziwa mmene anthu osamva bwino amakwezera mawu. Anati, "Zimene amalankhula sindinamve, mukwai. Koma mmene mwamuna uja amapendeketsera mutu mkazi wake akayandikira, n'kumayang'ana milomo m'malo mwa maso, anaphunzitsidwa ndi munthu wa pansi pa mgodi. Ine ndinachita zomwezo." Anakhala pansi n'kuyika chipewa pabondo.

Bambo wina wa m'gululo, ba Hector, amene ndi amene ankaseka kwambiri, ananena kuti atate awo anagwira ntchito kumgodi zaka makumi awiri, ndipo anamwalira ana awo akuwayesa munthu wouma mtima wosayankha akaitanidwa. Ati tsiku limenelo ndi pamene anayamba kuganiza kuti mwina atate awowo sankamva. Ba Lillian sanasinthe maganizo onse ayi. Anati filimuyo inajambulidwa moipa ndipo adzanenabe choncho, "koma ine ndinayang'ana kamera, munthuyo sindinamuyang'ane." Patapita masabata awiri analemba zomwezo m'nyuzipepala.

Gululo linagwirizana kuti filimuyo ikaonetsedwe ku Wusakile, ndipo abusa anatipatsa holo ya tchalitchi. Ndinafufuza ba Boyd mpaka ndinawapeza ku Mindolo, komwe amakonza mawailesi ndi mativi. Zojambula anasiya chifukwa cha kusekedwa kuja. Poyamba anakana kubwera, ati anasekedwa mokwanira, koma nditapitako kachitatu analola. Holo inadzaza, ena anaimirira m'mawindo. Panali madala opuma ntchito kumgodi ndi akazi awo, ena ochokera ku Mindolo wapansi. Shati itasintha anthu anaseka, ba Boyd nawonso anaseka, ndipo pamapeto anawanyamula m'mwamba ngati munthu wogoletsa chigoli. Amayi anga anali asanaionerepo, ndipo anaonera atagwira dzanja la atate. Tsiku limenelo ndinayenda m'komboni ngati ndatalika.

Vuto langa ndi ili. Ba Horace anabwera ku holo, anathandiza kunyamula mabenchi, koma kuyambira tsikulo amayankha mameseji anga ndi liwu limodzilimodzi. Sabata yatha anandiuza kuti ndinawatchera msampha, ati ndinabweretsa atate kuti pasapezeke wotsutsa. Anandifunsanso kuti, "Ngati unagwedeza mutu chaka chonse pa zinthu zimene sunkazikonda, kodi pa za ine unangogwedezanso?" Inenso ndiulule, ndakhala ndikuwaseka. Akatchula filimu yawo ndimawafunsa ngati munthu uja wachoka pawindo. Zimandikoma, sindinama.

Mkulu wanga Pilira akuti ndingopepesa zithe. Ine sindikuona chimene ndinalakwa. Kodi ndipepese chifukwa chopambana? Nanga anthu awiri okonda zosiyana chonchi angakhale m'nyumba ya tivi imodzi?

D. Z., Wusakile, Kitwe

Ba D. Z.,

Landirani kaye dzanja langa. Munachita bwino, ndipo pa filimuyo musapepese kwa wina aliyense. Munthu amene waonera chinthu maulendo khumi, n'kudziwa zilema zake kuposa ochinyoza, n'kumachikondabe, akudziwa chimene akukonda. Ba Lillian sananame, maikolofoni sinayenera kuonekera, ndipo ntchito yawo ndi kunena zimenezo. A pa Fesibuku anaona theka la mphindi n'kuweruza filimu yonse. Inu munaona chimene onsewa anachiphonya chifukwa munakhalamo, ndipo munalimba mtima kuchinena pamaso pa anthu amene munkawaopa. Mwachotsera ba Boyd manyazi pakati pa anthu a kwawo. Kondwani ndithu, mwagwirira ntchito chimwemwecho.

Koma chopepesa muli nacho chimodzi, ndipo si chimene Pilira akunena. Ndi chaka chija chogwedeza mutu. Funso la ba Horace ndi lopweteka, koma si lopusa. Iwo ankayesa kuti apeza mkazi wokonda zimene iwo amakonda, ndiye anamvera pagulu, anzawo ali pomwepo, kuti sizinali choncho. Zimenezo anayenera kumva muli awiri. Sabata ino musatumize meseji. Kwerani minibasi mukawapeze pamalo opanda anzawo, mukawauze kuti munanama poopa kuoneka wosaphunzira, ndipo funso lawo mukaliyankhe mosazungulira. Ngati pa za iwo munavomera ndi mtima wonse, auzeni ndi pakamwa panu. Ngati munangogwedeza, ndiye kuti vuto lanu si la mafilimu.

Mukatero, nanunso mufunse lanu. Pamene anati musawachititse manyazi, ankachita manyazi ndi chiyani, shati yosintha mtundu kapena Wusakile? Funsani modekha, kenako mukhale chete mpaka ayankhe. Kunyamula mabenchi kuja kukundipatsa chiyembekezo, chifukwa munthu wonyoza kwanu sakanabwera n'komwe.

Za atate anu, ba Horace akulakwa kunena kuti unali msampha, popeza palibe anawatuma kulankhula. Komabe atate anuwo simunawauze kuti akukaonera mbiri ya vuto lawo pamaso pa alendo. Zinatha bwino, koma zikanatha kuwapweteka. Khalani nawo kumbali ya khutu lamanzere, muwathokoze, muwafunse mmene mtima wawo unalili tsikulo. Ndipo ngati papita zaka asanapimitse makutu, pitani nawo kuchipatala. Pali tizipangizo tothandiza kumva, ndipo madokotala ndi amene angakuuzeni ngati tingawathandize.

Tivi imodzi si nkhani. Ndikudziwa mabanja amene mwamuna ndi wa timu ina ya mpira, mkazi wa ina, ana n'kumakula bwinobwino. Muzisinthana kusankha, woonera azinena zoona ndipo wosankha asamakwiye. Muwapemphenso ba Horace akusonyezeni filimu imodzi imene amaikonda iwo eni, kaya inalandira mphoto kaya ayi, akufotokozereni chifukwa chake. Mwina munthu woima pawindo uja amawakumbutsa wina wake amene sanakuuzenipo.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Nthabwala yanu ija isiyeni lero, chifukwa inu mukudziwa kuposa ena mmene zimawawira kusekedwa pa chinthu chimene umachikonda. Ndipo ba Horace akayankha funso lanu mozemba, kapena mukaona kuti chimene amabisa kwa anzawo ndi makolo anu ndi nyumba yanu, musathamangire Okutobala. Itanani ankhoswe a mbali zonse, nkhaniyo ikambidwe makhadi asanasindikizidwe. Tsiku la ukwati limasunthika, koma kumene munabadwira sikudzasuntha.

Aphungu