Dzenje la a Kopolo Mbewe

Lolemba, 14 Okutobala

Agogo sanali kaputeni. Ndikulemba muno chifukwa panja palibe amene akundimva. Amalume a Shadreck atumiza uthenga pa foni kwa abale onse kuti "Kaputeni Lastone Mbewe watisiya," ndiye tsopano ngakhale amayi ogulitsa tomato pa kona akuti a kaputeni. Anali kopolo. Mizere iwiri pa mkono wa malaya. Analowa usilikali ali mnyamata, anatuluka ali kopolo, ndipo sanachitepo nazo manyazi. Nkhondo ya ku Congo imene azibambo akusimba m'tenti sanapiteko. Ntchito yawo inali kulonda mlatho wa Kafue, nthawi ija ndeke za ku Rhodesia zinkavuta. Ankati, "Mfuti ndinaombera ng'ona basi, ndipo sajeni anandilanga chifukwa cha chipolopolo."

Amwalira dzulo masana, pa mpando wawo, wailesi ikulira. Ine ndinali pa mbaula, ndikuwaphikira phala. Phalalo likadali m'poto.

Thupi lili ku mochale. Amalume aimba foni kuchokera ku Lusaka kuti maliro akaikidwa kumudzi, ku Katete, pafupi ndi agogo aakazi. Ndawauza kuti agogo sanafune zimenezo. Anandiuza okha, kangapo: "Dainess, ndikafa usalole andikweze pa lole ngati thumba la chimanga. Anzanga ali kuno." Amalume angoti tikamba akafika. Ndikuidziwa "tikamba" yawo.

Malaiti kulibe. Kutentha. Mutu.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Mipando yonse yatulutsidwa. Azimayi m'nyumba, azibambo panja. Ndagona pa simenti pakati pa amayi a mvano awiri, wina wa mkonono, wina woimba mosemphana ndi anzake. Shuga watha kale. Malasha akupita ngati madzi.

Olira kwambiri ndi aja sanabwerepo ndi kanthu zaka ziwiri zimene agogo ankadwala. Ndinkawasambitsa ndine. Kuwatembenuza ndine. Lero mkazi wa msuweni wina, amene dzina lake ndachita kufunsa, wadzigwetsa pakhomo mpaka amunyamula anthu anayi. Atatsitsimuka anafunsa ngati wailesi ili ndi mwini.

Koma a mu komboni yathu ya Nangongwe ndilibe nawo mlandu. Akubwera mwakachetechete, aliyense ndi kambale ka unga wa nshima kapena mtolo wa repu, aliyense ndi nkhani yake. Nkhani zonse ndi za manda. Agogo atapuma usilikali analondanso pa fakitale ya feteleza, koma kuno amawadziwa ndi fosholo yawo yaifupi yachisilikali, chingwe ndi zikhomo. Munthu akafa wopanda abale amphamvu, agogo ankadzutsa azibambo a mu komboni, n'kuwandandalika ngati pa perete, ulendo wa kumanda. Asodzi omira mumtsinje, osadziwika kwawo. Amuna awo a amake Jason a mu komboni muno. Ana aang'ono, amene dzenje lawo ankakumba okha osafuna wothandiza. Makona anayi owongoka, khoma losalala. Ukakhotetsa, ubwereza. Ankati, "Munthuyu wavutika moyo wonse, asakagonenso mokhota." Malipiro awo, tiyi wopanda mkaka.

Amake Jason andigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ba Kopolo tizabaika ise." Sindinawauze za ku Katete.

Ba Gershom, a nyumba yoyandikana nafe, Mubemba wopuma ku njanji, alowa ndi botolo la pauda. Ndi chimbuya: Abemba ndi ife a kum'mawa timatukwanana pa maliro, amatipaka pauda, kenako ntchito yolemetsa amagwira ndi iwowo. Afuula pakhomo kuti, "Uyu mudala wathawa chabe, aona kuti nizamuwina pa drafuti. Bakudya mbewa ni bamantha bonse." Anthu aseka. Ine andithira m'mutu monse. Pambuyo pake ndawapeza kuseri kwa chimbudzi, chipumi atatsamiritsa pa khoma. Ndabwerera m'nyumba.

Lachitatu, 16 Okutobala

Amalume afika. Suti yakuda m'dzuwa ili. Ba Gershom awathira pauda asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto. Amalume amwetulira ndi mano okha.

Msonkhano wa banja pansi pa mtengo wa mango. Ine sanandiitane, ndinangokoka ndowa n'kukhalapo. Mfundo za amalume: amayi awo ali okha kumanda a kumudzi, anthu kumeneko adzati ana a Mbewe anataya bambo awo m'tauni ngati munthu wopanda kwawo, lole ya kanta yopita ku Katete ayipeza kale. Zonse zinali zitatha asananyamuke ku Lusaka. Ndanena mawu a agogo monga anawanenera. Afunsa kuti ndani wina anamva. Palibe. Panyumba pano tinalipo awiri, ndani wina akanamva?

Ndiye anati, "Ukanamaliza maphunziro aja, mwina tikanati loya wayankhula."

Ndinasiya yunivesite m'chaka chachitatu kudzasamala mlongo wawo yemwe, mayi anga, mpaka tinawaika. Kenako bambo awo. Iwo nthawi yonseyo akutumiza moni. Ndawayankha kuti, "Inu munamaliza, koma udindo wa atate anu ku usilikali simuudziwa." Azakhali wina wanditsina pa ntchafu. Chigamulo: kunyamuka Lachisanu m'mawa.

Madzulo ndapita kwa ba Gershom. Ndawauza kuti kumbani. Andiyang'ana nthawi yaitali. Aliyense amadziwa kuti dzenje la manda likakumbidwa silikhala lopanda kanthu, limaitana wina wa m'banjamo. Ine zimenezo sindizikhulupirira. Amalume amazikhulupirira, suti kapena popanda suti. Ndinawaona mmene ananjenjemera kadzidzi atalira pa maliro a amayi. Ba Gershom anati, "Iwe mwana, uli na mutima monga wa mudala uja." Kenako anapempha fosholo.

Ndawapatsa. Chingwe ndi zikhomo zinali m'jombo yakumanzere, mmene zimakhala nthawi zonse.

Lachinayi, 17 Okutobala

Akumba. Azibambo anadzuka okha, osachita kuwagogodera. Ndinapitako ngakhale akazi sapita pokumba. Dothi la kumeneko n'louma, lamiyala, piki imachita kudumpha. Palibe amene anadandaula. Ba Elijah, okonza njinga ku msika, anatsikamo ndi chingwe, n'kupeza kona imodzi yapendekeka pang'ono, n'kuuza anzawo kuti abwereze. Anabwereza. Ndinachokapo msanga.

Amalume atamva anavula jekete. "Mwakumbira ndani?" Anafunsa katatu, mawu akuchepa. Anakhala m'galimoto ndi foni ku khutu nthawi yaitali. Nshima sanadye. Ine ndinadya, koyamba chimwalirire agogo, ndipo ndinawonjezera.

Masana basi ya kum'mawa yatsitsa Anambewe, mlongo wawo wa agogo, wotsala yekha m'mimba mwawo. Ndinawaona komaliza ndili mwana. Kamunthu kakang'ono, nsapato za nsalu, maso oyera ndi ng'ala. Ulendo wonsewo ndi kathumba ka mtedza pa miyendo. Ndinakonzeka kumenyana nawo. Mawu ndinali nditanola kale.

Sananene za manda. Anapempha malaya a agogo, aliwonse. Ndinawapatsa aja a khaki ong'ambika pa kolala. Anawanunkhiza, n'kuwapinda, n'kuwaika pa chifuwa. Kenako anandipapasa kumaso ndi zala n'kufunsa kuti, "Kodi ankadya bwino, mdzukulu wanga? Ali mwana sankafuna therere."

Mpaka imfa sankalifuna. Sindinadziwe kuti pali wina padziko amene akudziwa zimenezo.

Ndatopa. Miyendo yatupa. Mawa.

Lachisanu, 18 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu ungaleke kuzungulira.

Kanta inabwera ndi bokosi kuchokera ku mochale, n'kuima pakhomo kuti anthu aone nkhope. Amalume anali atalimba mtima. Wina anawauza pa foni kuti tsoka la dzenje ndi la amene analikumba. Agogo anawaveka tayi. Moyo wawo wonse sanavalepo tayi.

Atatseka bokosi, a ulendo atakwera, ba Gershom anakagona pa msewu patsogolo pa tayala. Izinso ndi za chimbuya. Mubemba amatseka njira, a maliro amamuponyera kenakake, amadzuka akutukwana, anthu n'kuseka, galimoto n'kudutsa. Amalume anaponya ndalama. Ba Gershom sanasunthe. Anawonjezera. Ba Gershom anatola zonse n'kuziponya m'ngalande. Anthu amene anayamba kuseka analeka. Nangongwe yense anali pamsewupo, azibambo aja akadali ndi dothi lofiira m'zikhadabo. Dalaivala anazimitsa injini.

"Uyu ni kapolo wanga, sapita kulikonse," anatero ba Gershom, atagona chagada, maso kumwamba. Mawu ndi achimbuya omwe aja, koma palibe anaseka.

Ndinaima pa geti manja m'chiuno. Ndinkaona kuti tapambana.

Ndiye Anambewe anapempha kuti awatsitse. Anayenda mopapasa m'mbali mwa kanta mpaka kutsogolo, n'kukhala pansi pa fumbi pafupi ndi mutu wa ba Gershom, miyendo atatambasula. Sanakweze mawu. Ndinamva chifukwa msewu wonse unali chete. Anati, "Ambuya, inu mwakhala naye zaka zonsezi, mwadya naye, mwaseka naye. Ine anachoka ndili mtsikana. Mawu ake ndinkamvera pa foni ya eni ake. Ndipatseniko ngakhale wozizira, ndizikasesa pamene wagona." Kenako anawonjezera, ngati akunena za mvula, kuti kumudzi nakonso anyamata ayamba kale kukumba.

Maenje awiri. Munthu mmodzi.

Ba Gershom anatembenuza mutu n'kundiyang'ana. Anthu onse anatsatira maso awo. Ine amene pakamwa panga sipasowa yankho. Ndinali ndi mawu a agogo, enieni, ndinawamva ndi makutu angawa. Ndinayang'ana zala za Anambewe zikusisita fumbi ngati akusalaza mphasa. Sindinagwedeze mutu, sindinakane. Ndinangoyang'ana pansi.

Ba Gershom anadzuka pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anadzutsa Anambewe, n'kuwanyamula ngati mwana, n'kuwakweza kutsogolo. Anamenya bokosi ndi chikhatho kamodzi. "Yenda, iwe wamantha."

Amalume anati, "Dainess, kwera." Ndinati ndili ndi mapoto a eni ake oti ndibweze.

Fumbi la kanta linatenga nthawi kuti likhazikike.

Lolemba, 21 Okutobala

Masiku awiri osalemba. Kugona, kutsuka, kugona. Tenti achotsa. Mipando yabwerera m'nyumba, koma mpando wa agogo sindikudziwa poika. Uli pakhonde.

Amalume atumiza zithunzi. Aika Loweruka. Anthu ambiri, nkhata zamaluwa apulasitiki. Pa chithunzi china Anambewe akhala pambali pa mtumbira, malaya a khaki aja ali pa miyendo. Ndachiyang'ana nthawi yaitali. Ndikufuna kukwiya, koma sindikupeza woti ndimukwiyire. Agogo anandipempha chinthu chimodzi chokha m'zaka zonsezi.

Dzenje lathu linatsala kukamwa. Loweruka lomwelo akuluakulu a mu komboni anabwera kudzandiuza kuti silingagonenso choncho; mmene amachitira zikatere, amaikamo thunthu la nthochi m'malo mwa munthu. Ndinati chitani zimene mukufuna. Amake Jason anapereka nthochi ya kuseri kwa nyumba yawo, yoti inali itayamba kale kubereka. Anaikulunga m'nsalu yoyera.

Ndinkaganiza kuti tikhala anthu asanu. Kunabwera komboni yonse. Amayi a mvano ndi yunifomu zawo. Asodzi ochokera kumtsinje, amene sindinawaonepo. Madala awiri amene analonda mlatho ndi agogo, wina pa ndodo, zipewa zachisilikali zitasuluka; anaima mowongoka mmene akanathera n'kuchitira sailuti thunthu la nthochi. Ndinafuna kuseka. Zimene zinatuluka sizinali kuseka.

Ba Gershom anatsitsa okha ndi zingwe, mosamala, kuti mutu uloze koyenera. Sanatukwane aliyense. Pobwerera anandipatsa fosholo atayitsuka. Ndinati isungeni, kudzafa enanso. Anati, "Nizaibweza nikasiliza nayo."

Anakwirira, n'kupondaponda monga agogo ankawaphunzitsira. Popanda bokosi dothi lonse linalowa. Mtumbira sunatuluke. Pamalopo ndi pathyathyathya.