Nsapato Zimene Azakhali Anandilanda

Akulu anga Rosa,

Landirani moni kumeneko ku Beira pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, amayi chifuwa chija chinawaleka.

Azakhali Filomena andilakwira, ndipo musayambe zondiuza kuti ndikhululuke. Nsapato zothamangira munanditumizira zija anazitenga dzulo lake la mpikisano wa ku Domwe, n'kupatsa mwana wawo Zeka kuti akatchenere kofunsira mbeta. Nditawafunsa anati, "Iwe Lusiya, mkazi wothamanga m'mapiri chiberekero chimauma. Ndakuthandiza." Ine ndinati, "Azakhali, chiberekero n'changa, miyendo ndi yanganso."

Ankayesa ndikhala pakhomo kupuntha nyemba. Anaiwala kuti nsapatozo zisanabwere ndinkathamanga mapazi okha kuchoka ku Lifidzi mpaka ku Fonte Boa, m'chisanu. Ndinapita choncho. Ndinachita zomwe ndimachita masiku onse: kuyamba mofatsa, zitunda zazikulu kukwera choyenda, madzi kumwa pang'onopang'ono, kachewere wophika wothira mchere nditamanga m'kansalu. Anyamata amene ananyamuka ngati mbuzi zothawa m'khola ndinawapeza masana atakhala m'mbali mwa msewu, atagwira m'mimba. Miyala inanding'amba zidendene, koma ndinafika, wachitatu mwa akazi. Zeka uja mbeta inamukana ali m'nsapato zanga zomwezo.

Mukapeza zina, mutumize kwa apulofesolo amene amatiphunzitsa kuthamanga, osati kunyumba. Mulungu akusungeni nonse.

Nkhaniyi sindidzaikambanso. Koma mawa m'mamawa ndikuthamanga, ndipo ndidzera pakhomo pa azakhali pomwepo.

Ndine mng'ono wanu,
Lusiya