Mkazi wanga wakana kutsuka njinga zanga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 54, ndipo nyengo yozizira iliyonse ndimapikisana nawo pa njinga za m'matope. Chaka chino anzanga a m'kalabu anandipatsa ntchito yokonza njira ya mpikisano wa kwathu. Poti ine ndine dolo m'matope, ndinathira madzi m'dambo la ng'ombe masiku atatu kuti othamanga pouma aone zakuda. Malo osinthira njinga ndinawaika kumunsi kwa dambolo, kutali ndi tenti ya mowa, kuti ndizilandira njinga yoyera ndikangotuluka m'thope.

Wonditsukira njinga zanga ziwiri pa mpikisano ndi mkazi wanga Godelieve, zaka 22 tsopano. Atapaona pamalopo anati, "Iwe Firmin, mphepo ya pano ndi yodula makutu. Wandiyesa bakha?" Ndinamuuza kuti avale magolovesi awiriawiri.

Tsiku la mpikisano, nditazungulira kachitatu, ndinafika posinthira njinga italemera ngati thumba la simenti. Godelieve panalibe. Ndinamaliza wotsiriza, njinga ili paphewa, ndipo podutsa pa tenti ndinamuona akudya tchipisi cha mayonezi, n'kundibayibitsa. Wanenetsa kuti sadzagwiranso paipi yotsukira, chonsecho Lamulungu lino kuli mpikisano wina. Mtima ukundiwawa. Nditani kuti apepese?

F.V., Kruibeke

A F.V.,

Pepani kwambiri, akatswiri. Munthu kudzipondera yekha matope, kutitimiramo yekha, koma wolakwa akhale amene amadya tchipisi! Nzeru zotere sizipezeka wambawamba.

Za dambo mwafotokoza bwino zedi, koma simunanene kuti pa zaka 22 zonsezi munamufunsapo kangati ngati zala zake zikumvabe. Pokonza njira munaganizira adani anu, munadziganizira nokha. Munthu mmodzi yekha amene amabwera kumeneko chifukwa cha inu ndiye munamuponya kumphepo. Ati magolovesi awiriawiri! Chikondi chanu n'chofunda ndithu.

Ndiye mvetserani. Lamulungu lino njinga isiyeni kunyumba. Mukaime posinthira, mukatsukire aliyense wopanda womuthandiza mpaka mpikisano utha. Zala zikauma gwa, pitani mukapepese musanaziwothe n'komwe, mwina mawu anu adzatuluka oona. Chaka chamawa, ngati a m'kalabu adzakukhulupirireninso, mudzayende ndi Godelieve m'dambomo musanakhome chikhomo ngakhale chimodzi. Posinthira adzasankhe yekha, ndipo akadzati sakufuna kuimanso, yankho lanu ndi zikomo basi.

Koma samalani, musapepese ndi diso lili ku mpikisano wotsatira. Akangozindikira kuti mukusowa wotsuka osati mkazi, mudzatsala ndi njinga zanu ziwirizo, ndipo palibe imene idzakufunseni kuti mwadzuka bwanji.