Dzina Limene Sinditha Kulemba

Tokyo
9 Novembala

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Musamaime tsiku lonse m'sitolo, ndiwo zanu za kimchi zija azigulitsako achemwali. Ine thupi lili bwino koma mtima ayi, ndipo nkhaniyi pafoni ikukana kutuluka m'kamwa.

Eni kampani yathu ku Canada analamula kuti tizilembanso ntchito anthu a mitundu ina. Ndiye kwabwera mtsikana wa ku Busan, ku Korea, dzina lake Yun-gyeong. Abwana anga, a Horiuchi, anasankha ine kuti ndizimuphunzitsa makhalidwe a kuno, ati ine Tokuyama, monga amanditchulira kuno, ndine Mjapani weniweni wodziwa mwambo. Ndinawerama n'kuthokoza. Paja kuofesi palibe akudziwa kuti ife ndife Akoreya.

Lachisanu tinapita kukamulandira ndi mowa. Abwana atandithirira, ndinatembenukira kumbali kuti ndimwe, monga ankatiphunzitsira malemu bambo kuti ndiwo ulemu wa Chikoreya pamaso pa akulu. Sindinaganize n'komwe, thupi linachita lokha. Mtsikanayo ataona, nkhope yake inawala ngati wapeza mlongo wake pamsika. Anandifunsa m'Chikoreya ngati kwathu n'kumodzi. Onse patebulo anatembenukira kwa ine.

Amayi, ndinamva liwu lililonse. Koma ndinauza anthu kuti sindikumva zimene akunena, ndangotembenuka chifukwa khosi likundiwawa. Wina anati mlendoyu waledzera asanayambe, onse n'kufa nacho chiseko, inenso ndinaseka nawo. Ndiye iye n'kupepesa kwa ine! Chichokereni pamenepo nkhomaliro amadya yekha, ndipo dzulo ndamva kuti wapempha kubwerera kwawo. Manyazi andigwira moti pakhonde ndimamuzemba, ine mphunzitsi wake wa makhalidwe abwino.

Mwezi uno akutisindikizira makadi atsopano a mayina. Ndawauza kuti langa abaimitsa kaye. Sindinama, ndikuopa. Mwina abwana ayamba kundiona mwamtundu wina, mwina za kukwezedwa zija zithera pomwepa. Koma mtsikana uja asachoke akuganiza kuti wolakwa ndi iyeyo.

Pempho langa ndi limodzi. Dzina langa lenileni ndimalimva pakamwa panu pokha, kulilemba m'zilembo za Chikoreya sinditha. Si paja sukulu ya Chikoreya ya Loweruka ija ndinkaithawa inu mukulira? Mundilembere papepala, zilembo zikuluzikulu ngati za mwana wa sukulu ya mkaka, mutumize msanga kuti andisindikizire pakhadi langa. Ndikufuna pokamupepesa ndikamupatse khadilo ndi manja awiri.

Moni kwa achemwali, alamu ndi ana onse kumeneko ku Osaka. Amalume muwapatse moni wokha, nkhaniyi ayi, angandinyoze mpaka chaka chatsopano.

Tsalani bwino, ndipo bondolo muzilipumitsa.

Ndine mwana wanu,
Hong Chang-ho
(m'zilembo zobwereka, mpaka pepala lanu lifike)