Mbale ya Anyamanda

Lachinayi, Ogasiti, ku Chintheche

Mwera sunaleke lero, koma mtima uli m'malo.

Sikelo ya kuchipatala komwe ndimagwira ntchito ya unesi ikungoloza pomwepomwepo kuyambira Juni. Shuga mu tiyi ndinasiya, m'mawa ndimayenda mpaka pa njira ya ku Makuzi, poyamba thupi linkatsika, koma tsopano lakana. Adokotala akuti ndikapanda kuchepa, mapiritsi a bipi ndimwa moyo wonse.

Vuto ndimalidziwa, kungoti ndimaopa kulinena. Anyamanda, eni nyumba yomwe ndikuchita lendi, akhala akunditumizira mbale tsiku ndi tsiku: mpunga wa ku Limphasa ndi nsomba ya batala yosambira m'mafuta. Mbale ya munthu wamkulu sungaibweze yodzaza, ndiye ndimadya yonse, pamwamba pa chakudya changa.

Masana ndinalimba mtima n'kuwauza. Iwo anati, "Anesi, mutabwera kuno munali munthu wathupi. Mutayamba kuwonda ndinati mukudwala, mukungobisa. Mwana wanga wamkazi anayamba choncho, ife tinazindikira mochedwa."

Ndinawagwira dzanja. Ndinawauza kuti ndinayezetsa, ndili bwino, kuwondaku n'kofuna ndekha. Anaseka mpaka kupukuta misozi. "Munthu kufuna dala kuwonda! Anthu a kumwera inu!"

Mbale yabweranso madzulo ano, koma muli chigwada chopanda mafuta ndi usipa wootcha, pang'ono pokha. Ndadya zonse mosadziimba mlandu.

Akuti mawa andiperekeza koyenda, aone okha ngati sindigwa m'njira. Sikelo iyambe yadikira.