Pasiwedi ya Yasmin Sindipereka

Okondedwa Amayi,

Asalamu alaikum. Kaya mwadzuka bwanji ku Nkopolako, nanga bondo lija lasiya kukuvutani? Ine kuno ku Joni ndili bwino, Alhamdulillah, kungoti kuzizira kwafika poipa. Ntchito yanga yoyang'anira makompyuta ikuyenda.

Amalume Che Latif anandiimbira Lachisanu atachoka ku mapemphero a Juma. Akuti ankhoswe agamula kuti Yasmin ndi mwamuna wake Che Mustapha abwererane, ndipo ine ndipereke pasiwedi ya tsamba la mng'ono wangayo kwa alamuwo chifukwa iwo ndiwo mutu wa banja. Ndinawayankha mwaulemu kuti sindipereka. Ndikulemba kuti mumve kuchokera kwa ine, osati kwa anthu.

Tsamba la pa Fesibukulo Yasmin analiyamba yekha. Ogula usipa wake ku Blantyre ndi ku Zomba amamupeza pamenepo. Pasiwedi yake inali dzina la bwato la malemu bambo, loti ngakhale ana osewera padoko amalidziwa. Atangoyambana, Che Mustapha analowa patsambalo n'kulemba kuti geni yatsekedwa, mwini wake ndi mkazi wosamva. Inu munaona mmene Yasmin analirira. Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Tsono ndinachita izi. Pa kompyuta yanga ndili ndi pulogalamu yosunga mapasiwedi. Ilibe zithunzi kapena mabatani, ndi sikirini yakuda bii, ndipo umachita kuilembera lamulo. Ndinailamula kuti ipange pasiwedi yatsopano, iyo n'kutulutsa chimzere cha zilembo ndi manambala chopanda mutu ndi mchira, kenako n'kuchikhomera mkati. Ndinamuwerengera Yasmin chimodzichimodzi, iye akulemba mu foni yake, foniyo n'kusunga. Tinaseka kwambiri chifukwa analakwitsa mpaka foni kutentha. Ine ndemwe sindingachitchule pamtima. Kuti ndichione, ndimayamba ndatsekula ndi mawu amene ali m'mutu mwanga mokha.

Amalume anati ndadya zambiri ku Joni, ndaiwala mwambo. Mwambo uti? Che Mustapha anabwera pakhomo pathu ngati mkamwini, anapeza thandala loyanikira usipa lili kale chiimire. Akafuna banja abwere, ine sindiletsa. Koma mphuno imodzi silowa zala ziwiri, tsambalo lili ndi mwini wake.

Pali china chimene amalume sakudziwa. Nzeru imeneyi si yanga. Yasmin ndiye anandipempha kuti ndimupangire pasiwedi yoti iye asathe kuiloweza. Anati akudzidziwa yekha, akuluakulu akamukhazika pamphasa n'kumuzungulira adzaulula, poti sanazolowere kukana. Anandilumbiritsa kuti ngakhale adzaimbe iye mwini akulira, ndisadzapereke mpaka tidzaonane maso ndi maso. Dzana anaimbadi kupempha pasiwediyo, ndipo ndinkamva amalume akutsokomola pambali pake. Ndinakana. Nditadula foni ndinalira, koma ndinakana.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Musalole kuti amupanikizenso mwana wanuyo. Sakubisa kanthu, sakuidziwa. Wofuna kukalipa aimbire ine, nambala yanga ali nayo.

Mupereke moni kwa azakhali ku Katuli, kwa achimwene a Nasir ndi alamu akazi awo, ndi kwa amalume omwe, ngakhale andikwiyira. Yasmin mumuuze kuti usipa wa sabata ino aulengeze ndithu, ogula akudikira. Zimene anandisungitsa zili pomwe anazisiya.

Allah akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Ajira